ZIKWANGWANI ZA PA MSEU WA KU DEDZA

Aliyense amene adayendapo pa mseu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Blantyre m'mwezi wa June kapena July akuchidziŵa chifunga cha ku Dedza. Munthu amanyamuka mumzinda kumwamba kuli mbee, nadutsa pa Nathenje, pa Kamphata ndi pa Chimbiya popanda chovuta. Koma akangoyamba chikweza choloza ku boma la Dedza, limene lidakhala pamwamba mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, dziko limayamba kuzimirira. Phiri la Dedza, lija lotalika mamita 2,198, limabisala lonse. Pofika pa Bembeke m'mamaŵa, woyendetsa galimoto amangoona pafupi pokha. Pa nthaŵi yotere palibe munthu womufunsa njira, palibenso womuuza kuti kutsogoloku mseu wakhota kapena kuti pali msika. Bwenzi lake limakhala kachitsulo kopaka utoto kamene wina adaimika m'mphepete mwa mseu.

Makolo athu adati safunsa adadya phula. Phula ankanenalo linali la njuchi, komatu mwambiwo ukukwananso pa phula la mseu. Chikwangwani ndicho yankho loikidwiratu la funso limene mlendo alibe mpata wofunsa. Tsono m'nkhani ino tifuna kuyenda nanu, inu makolo ndi inu anyamata ndi asungwana, pa mseu wa ku Dedza, tikuŵerenga zikwangwani zake zakale ndi zatsopano; pakuti m'dera limeneli mudakumana kalembedwe ka Angerezi, ka Apwitikizi, ka maiko a kumwera kwa Africa, ndiponso ka m'midzi mwathu momwe.

Chilembo ndi nambala

Tiyambe ndi dzina la mseuwo. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwake amangoti "kutala", koma boma lidaupatsa dzina lakuti M1. Umayambira pa mtsinje wa Songwe, m'malire ndi Tanzania, nudzera ku Karonga, Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Blantyre, Chikwawa ndi Nsanje, mpaka kukathera ku Marka, mtunda woposa makilomita 1,000. Chilembo cha M chikuimira liwu la Chingerezi lotanthauza mseu waukulu. Pansi pa M pali S, miseu yachiŵiri. Kenaka T, miseu yachitatu. Ndipo pomaliza D, miseu ya m'maboma imene yambiri mwa iyo ndi yafumbi. Motero munthu wodziŵa zilembozi akaona mapu amadziŵiratu mseu umene angaudalire m'nyengo ya dzinja ndi umene ungamugonetse m'matope. M5 ndi wa m'mphepete mwa nyanja, wodzera ku Golomoti ndi Salima. M12 ndi wa ku Mchinji. M14 ndi wochokera ku Lilongwe kunka ku Salima.

Koma chilembo sichitanthauza chimodzimodzi paliponse, ndipo apa mpamene apaulendo ambiri amasokonezekera. Kwathu kuno T ndi kamseu kakang'ono. Mukangooloka malire pa Mchinji kuloŵa m'dziko la Zambia, mseu wathu wa M12 umasanduka T4, umene uli mseu waukulu kwambiri wa kum'maŵa kwa dzikolo, wochokera ku Chipata mpaka ku Lusaka. Pakuti kumeneko T ndiye mkulu, M ndiye mng'ono wake. Chodabwitsa china nchakuti nawonso ali ndi M12 wawo, wochokera ku Chipata kunka ku Lundazi. Ku Mangalande kulinso M1, wotsegulidwa m'chaka cha 1959, koma M wa kumeneko amanena za mseu wa magalimoto okhaokha, woletsa njinga ndi oyenda pansi. Mnyamata wa kwa Kachindamoto akafika ku Johannesburg amapezanso M1 wina wodutsa pakati pa mzindawo, ndipo M ameneyo amangotanthauza mseu wa mumzinda. Miseu itatu, dzina limodzi, koma pa umodzi wokha mpamene mungakumane ndi ngolo ya ng'ombe itasenza kachewere.

Mamailosi ndi maina akale

Agogo athu ankayeza ulendo m'mamailosi. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Dedza ankati ndi mamailosi 53 kapena kuyandikira pamenepo. Lero timati makilomita 85. Mseu sudatalike ai, muyeso ndiwo udasintha dziko litalandira ufulu, pakuti mailo imodzi ndi kilomita imodzi ndi theka ndi kachidutswa pamwamba. Zikwangwani zidalembedwanso, koma pakamwa pa anthu sipafufutika msanga. Mpaka lero minibasi yochokera ku Dedza poyandikira ku Lilongwe imatsitsa anthu pa 6 Miles, ndipo ku Zomba kulinso malo otchedwa 3 Miles ndi 4 Miles, ngakhale ana ambiri otsika pamenepo sadaphunzirepo za mailo kusukulu. Nambala zina zidakakamira m'maina mwa njira yomweyi: tikunena Linthipe 1 ndi Linthipe 3, kumene munthu akangoti "nditsika pa Wani" kondakitala wamva kale.

Kusintha kwa muyesoku kudali ndi choopsa chake. Magalimoto ena akale, ndi ena ochokera ku Mangalande masiku ano, amaonetsa liŵiro m'mamailosi. Woyendetsa akaona nambala 50 m'kati mwa mkombero wofiira, nalozetsa singano ya galimoto yake pa 50, amayesa kuti akumvera lamulo, chonsecho akuthamanga makilomita 80 pa ola pakati pa msika. Inu amene muli ndi galimoto yotere, yang'anitsitsani timanambala ting'onoting'ono ta m'kati.

Mainanso a pa zikwangwani adasintha. Mlendo wa m'zaka za m'ma 1950 akatuluka pa Dedza kuloza kumwera ankaŵerenga Ncheu, osati Ntcheu. Patsogolo pake Fort Johnston, Cholo, Mlanje ndi Port Herald, kumene lero timati Mangochi, Thyolo, Mulanje ndi Nsanje. Kumadzulo kudali Fort Manning ndi Fort Jameson, ndiye Mchinji ndi Chipata. Kunyanja Kota Kota. Ndipo ngakhale Nkhoma ankamulemba Mkhoma. Maina a malinga a nkhondo a atsamunda adachotsedwa ndi ufulu, pamene kalembedwe kopotoka ka maina athuathu kadaongoledwa Chicheŵa chitakhala chilankhulo cha fuko m'chaka cha 1968 ndi bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972. Dedza adapulumuka: dzina lake ndi lomwelo kuyambira kale. Amene muli ndi mapu akale kapena makalata a agogo m'sutikesi, aonetseni ana. Phunziro la mbiri ya dziko lili pomwepo.

Muuni, ng'ombe ndi ana aŵiri

Malamulo a pa mseu a dziko la Nyasaland adatengera kachitidwe ka Angerezi, kuyambira pa kuyenda kumanzere. Nkoyenera tsono kuona mmene zikwangwani zinalili kwawoko, popeza zinali zosiyana kutalitali ndi zimene tidazoloŵera lero. Chikwangwani chochenjeza chinali cha zigawo ziŵiri pa mtengo umodzi. Pamwamba penipeni pankakhala chitsulo chofiira cha ngondya zitatu, choboola pakati, chopanda chithunzi chilichonse; ntchito yake inali kungoti "chenjera". Pansi pake mpamene pankakhala chimbale choyera chokhala ndi kachithunzi ndi mau a zilembo zazikuluzikulu. Choimitsa galimoto pa mphambano chinali ndi mau ambiri ndithu, chiganizo chathunthu chouza woyendetsa kuti aime pa mseu waukulu uli kutsogolo, ngati kuti munthu wothamanga ali ndi nthaŵi yoŵerenga kalata.

Chimene chimatiseketsa kwambiri ndi chikwangwani cha sukulu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 Angerezi ankajambula muuni woyaka moto, kutanthauza kuti maphunziro ndi kuunika. Ganizo lake linali labwino, ndipo mphunzitsi aliyense angalivomereze. Koma woyendetsa lole akaona muuni, kodi adziŵa bwanji kuti kamwana kangathe kutulukira mumseu? Apa anthu ophunzira adajambulira ophunzira anzawo, naiŵala mwini ntchito. Patapita zaka adaona kulakwa kwake, naikapo chithunzi cha ana.

Kusintha kwakukulu kudadza ndi komiti yotsogozedwa ndi Sir Walter Worboys, imene idapereka maganizo ake m'chaka cha 1963. Zikwangwani zatsopano zidayamba kugwira ntchito mu January 1965. Adazijambula ndi anthu aŵiri, Jock Kinneir ndi Margaret Calvert, mayi wobadwira ku South Africa mu 1936. Iwo adaloŵetsa chithunzi m'kati mwa ngondya zitatu zija, nachotsa mau osafunika. Pa chikwangwani cha sukulu Calvert adajambula msungwana atagwira dzanja la mlongo wake wamng'ono, mosiyana ndi chakale pamene mnyamata ndiye ankatsogolera. Ndipo ng'ombe ya pa chikwangwani cha ziŵeto adaitengera pa ng'ombe yeniyeni, dzina lake Patience, ya pa famu ya abale ake. Maiko a ku Ulaya adali atayamba kale njira imeneyi. Pa msonkhano wa ku Paris mu 1909 adagwirizana za zikwangwani zinayi zokha: pokhota, pa mphambano, pa njanji ndi pamene mseu uli ndi chitumbira. Mgwirizano waukulu wotsiriza udalembedwa ku Vienna mu 1968. Cholinga chinali chimodzi, chakuti munthu wosadziŵa chilankhulo cha dziko, ngakhale wosadziŵa kuŵerenga konse, amve chimene mseu ukunena.

Mseu wa maiko aŵiri

Tibwerere ku Dedza, pakuti cholinga chimenechi chikuoneka bwino kuno kuposa kwina kulikonse m'Malaŵi. Kuchokera pa Dedza kunka ku Ntcheu, m'malo ambiri mseu wa M1 umayenda pamalire penipeni. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la chaka cha 1891 lidaika malire pamsana pa mapiri, pogaŵanikana madzi: mvula yogwa kum'maŵa imatsikira ku Nyanja ya Malaŵi, yogwa kumadzulo imanka ku Zambezi. Omanga mseu nawonso amakonda pamsana pomwepo, chifukwa mpopanda mitsinje yofuna milatho. Motero malire ndi mseu zidapezeka m'njira imodzi. Pa Lizulu, munthu woloza ku Blantyre amakhala ndi Malaŵi kudzanja lamanzere, Mozambique kudzanja lamanja. Mayi amagula kabichi tsidya lino, mchere tsidya linalo, osaonetsa chiphaso kwa munthu. Mukayang'anitsitsa m'minda ya m'mbali mwa mseu muona zipilala za malire zili chiimire. Izi ndi zizindikiro za mtundu wina, zosauza munthu kokhota koma zomuuza lamulo limene lili pa iye. Mbuzi zokha ndizo sizizisamala.

Anthu a mbali ziŵirizi ndi amodzi, Angoni ndi Acheŵa olankhula chimodzimodzi, okwatirana ndi kuikana maliro. Zikwangwani ndizo zimalankhula zosiyana. Mukadzera pa chipata cha Dedza kuloŵa pa Calómuè, kulinga ku Ulongwe, tauni imene Apwitikizi ankaitcha Vila Coutinho dziko la Mozambique lisadalandire ufulu mu 1975, mupeza Alfândega pamene ife timati kasitomu, Desvio pamene mseu wapatutsidwa, Devagar pamene akufuna kuti muyende pang'onopang'ono, ndi Perigo pamene pali choopsa. Apwitikizi ankayeza m'makilomita kuyambira kale, kotero kuti pa zaka zambiri mbali imodzi ya malire inkaŵerenga mamailosi, inayo makilomita. Nambala za miseu yawo zinkayamba ndi EN, kutanthauza mseu wa fuko. Mseu wa ku Zóbuè ndi Tete unkadziŵika kuti EN103, koma lero ndi N7, ndipo madalaivala achikulire akali kutchula nambala yakaleyo.

Chinthu chimodzi chidatikomera. Dziko la Portugal lidasiya kuyenda kumanzere m'chaka cha 1928 nkuyamba kuyenda kumanja, koma Mozambique adatsalira kumanzere chifukwa maiko onse omuzungulira ankayenda motero. Tangoganizani mmene zikadakhalira pa Lizulu kapena pa Biriwiri tsiku la msika, wanjinga wochokera tsidya lija akadazoloŵera mbali ina ya mseu!

Pali chikwangwani china cha Chipwitikizi chimene anthu a m'malire adachiphunzira ndi misozi. Nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya ku Mozambique, imene idayamba mu 1977 nkutha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, idathamangitsira kuno anthu oposa 1,000,000, ndipo ambiri adamanga misasa m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, m'mbali mwa mseu womwewu. Pobwerera kwawo adapeza njira ndi minda zitatcheredwa mabomba okwirira. Ochotsa mabombawo ankaimika timbale tofiira tokhala ndi chigaza ndi mafupa aŵiri opingasa, ndi mau akuti Perigo Minas. Panalibe wofuna womasulira. Boma la Mozambique lidalengeza mu September 2015 kuti malo onse odziŵika a mabomba ayeretsedwa, patatha zaka 23 mfuti zitaleka kulira.

Ulendo wa ku Joni

Ana athu ambiri a ku Dedza amakwera basi kunka ku South Africa, monga agogo awo ankapitira ku migodi pa Wenela. Pa masiku aŵiri kapena atatu amadutsa m'maiko anayi, ndipo mseu umasintha dzina pa chipata chilichonse: M1 kwathu, N7 ku Tete, A2 kuchokera pa Nyamapanda kufika ku Harare, A4 mpaka pa Beitbridge, kenaka N1 mpaka ku Johannesburg. Woyenda ulendo womwewu m'zaka za m'ma 1980 ankaona mitundunso ikusintha. Ku Zimbabwe zikwangwani zochenjeza zinali zachikasu, za ngondya zinayi zoimikidwa pa nsonga, zofanana ndi za ku America. Dzikolo lidayamba kuzisintha mu 2016. Ku South Africa, kufikira mu 1993, zinali za ngondya zitatu, m'mphepete mofiira, koma m'kati mwa buluu ndi chithunzi choyera. Ngozi yake imodzimodzi, malaya atatu.

Anzathu a ku South Africa amasiyanitsanso miseu ndi kaumbidwe ka chizindikiro chimene nambala imakhalamo: mseu wa fuko lonse, wa chilembo cha N, nambala yake imakhala m'chizindikiro cha ngondya zisanu, mseu waukulu wa m'chigawo, m'cha ngondya zinayi choimikidwa pa nsonga. Koma akatswiri a zokongoletsa ndi a ku America. Kumeneko miseu ya dziko lonse idapatsidwa chizindikiro cha chishango mu 1926, ndipo zigawo zambiri zidasankha zawozawo za miseu yawo: ku Kansas nambala imakhala m'duŵa la mpendadzuŵa, ku Utah pa mng'oma wa njuchi, ku Washington pa mutu wa George Washington. Ife tikadatsata nzeru imeneyo, sitikayika kuti nambala za miseu ya ku Dedza zikadalembedwa pa mbatata ya kachewere. Ngakhale chikwangwani cha STOP, chija cha ngondya 8, chidali chachikasu ku America mpaka mu 1954, kaamba kakuti utoto wofiira wa masiku amenewo unkasuluka ndi dzuŵa.

Kusiyanasiyana kumeneku nkokondweretsa kwa wokonda mbiri, koma kwa dalaivala wotopa amene wachoka ku Beira dzulo nkuona Dedza usiku uno, nkosautsa. Nchifukwa chake maiko a bungwe la SADC, pa pangano lawo la zamtengatenga la ku Maseru mu 1996, adagwirizana kuti zikwangwani zawo zikhale za mtundu umodzi. Ndipo zatsopano zimene mukuziona pa M1 zikutsata buku limodzi ndi za ku Zambia, Mozambique ndi South Africa. Kuziŵerenga kwake nkosavuta, ndipo tikupempha makolo kuti aphunzitse ana ngakhale pakhomo palibe galimoto, pakuti ambiri ofa pa mseu uno ndi oyenda pansi ndi apanjinga. Cha ngondya zitatu choloza kumwamba chimachenjeza. Choloza pansi chimati patsani mpata a mseu waukulu. Mkombero wofiira umaletsa, chozungulira cha buluu chimalamula. M'kati mukakhala moyera, chinthucho nchokhazikika. Mukakhala mwachikasu, nchakanthaŵi, monga pamene akukonza mseu. Zobiriŵira zimalozera njira, maina ali oyera, nambala ya mseu ili yachikasu. Zofiirira ngati dothi nza malo okaona alendo, onga mapanga a ku Chongoni, amene bungwe la UNESCO lidaŵaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kumeneko Akafula ndi makolo a Acheŵa adalemba zizindikiro zawo pa miyala kalekale utoto wa m'chitini usadabwere.

Masamba pa mseu

Tisaganize kuti luso lolankhula ndi mlendo popanda mau lidadza ndi Azungu. Kale anthu poyenda m'tinjira ta m'thengo, wotsogola akafika pa mphambano ankathyola nthambi kapena kuzula udzu nkuika pa njira yosayenera kutsata, mwinanso kulemba mzere ndi ndodo. Obwera m'mbuyo ankadziŵa kuti njira iyo yatsekedwa. M'midzi ya Gule Wamkulu, nsanza yofiira pa kanjira koloŵa m'nkhalango imauza wosaloŵa kuti abwerere. Ndipo chizindikiro chachikulu koposa zonse, chimene sichidalembedwe m'buku lililonse la SADC koma chimamveredwa kuposa zonse za m'bukumo, ndicho masamba a maliro. Anyamata amadula nthambi zaziŵisi naziyala pa mseu kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya maliro. Wanjinga amatsika nakankha, wachipeŵa amavula, woyendetsa galimoto amachepetsa liŵiro natseka wailesi. Dalaivala yemwe uja amene adutsa nambala 50 ngati sakuiona, pa masamba amafatsa ngati mwana wa nkhosa. Pamenepa pali chotiphunzitsa: masamba amamveredwa chifukwa aliyense akudziŵa amene adaŵaika, akudziŵanso kuti tsiku lina adzaikidwa pakhomo pake.

Komabe masamba ali ndi vuto lawo pa mseu waukulu. Lole ikafera pa chikweza, othandizira dalaivala amathyolanso nthambi nkuzindandalika m'mbali mwa mseu, m'malo mwa timbale tonyezimira ta ngondya zitatu timene lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale nato. Masana nthambi zimaoneka. Usiku, m'chifunga, sizinyezimira, ndipo wobwera m'mbuyo amazindikira atafika kale pa matayala a lole. Choipa china nchakuti lole ija ikakonzedwa amachoka osachotsa nthambizo, ngakhale miyala imene adatsekera matayala. Miyalayo imadikira wanjinga yamoto. Nthambizo zimanama kwa masiku angapo, ndipo chizindikiro chikanama kaŵiri katatu anthu amaleka kuchikhulupirira.

Mitengo yopanda mbale

Tsopano tifike pa chimene chatilembetsa nkhaniyi. Zikwangwani zakale zija, za mamailosi ndi maina a atsamunda, zidachoka chifukwa nthaŵi yake idatha. Koma zatsopano zambiri zikuchoka nthaŵi yake isadakwane. Yendani pa M1 muŵerenge mitengo yachitsulo imene yaima yokha, mabowo a mabauti ali pululu, mbale itapita. Penanso ndi mtengo womwe udadulidwa patsinde. A bungwe la Roads Authority, limene limayang'anira miseu ikuluikulu, akhala akudandaula za umbava umenewu kaŵirikaŵiri. Kumene zitsulozo zimapita tonse tikukudziŵa: zimasanduka mapoto, mbaula, zitseko ndi zipangizo za ngolo, kapena zimagulitsidwa pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha. Sizipita kutali ai. Zili m'makhitchini ndi m'makola a midzi yomweyi imene ana ake amaoloka mseu popita kusukulu.

Wakuba amadziuza kuti watenga cha boma, ndipo boma silimva kuŵaŵa. Ife tikuti watenga mau m'kamwa mwa munthu amene anali kuchenjeza mnzake. Ndalama zogulira china zichokeranso m'matumba athu, m'mitengo ya mafuta ndi pa zipata zolipiritsa monga cha pa Chingeni, chotsegulidwa mu November 2021, ndi cha pa Kalinyeke m'boma la Dedza lomwe lino, chotsegulidwa mu January 2022. Ndipo pakati pa tsiku lobedwa ndi tsiku loikanso china pamapita miyezi, mwinanso zaka. Wogula poto naye asadziyeretse. Mayi akaona mbaula yotsika mtengo ili ndi utoto wobiriŵira wonyezimira m'kati mwake, kapena chidutswa cha chilembo, akudziŵa kumene yachokera. Bambo akaona mwana wake wabwera usiku ndi chitsulo chachitali, asafulumire kuyamika kuti mnyamatayu ngwochangamuka.

Palinso kuononga kwina kumene sitikuyesa umbava. Anyamata oŵeta ng'ombe amayesera malegeni awo pa zikwangwani mpaka utoto wonyezimira utakanganuka. Akuluakulu amamatapo mapepala: a ndale pa nyengo ya chisankho, a sing'anga olonjeza zodabwitsa, ndiponso, tivomereze, ena olengeza misonkhano ya mapemphero. Pepala loitanira anthu ku chitsitsimutso likaphimba chenjezo la mlatho wopapatiza, sitiona kuti lathandiza moyo wa munthu. Ena amakolezera moto wa lupsa pansi pake m'mwezi wa September, mbale nkuda bii. Izi zonse mafumu, aphunzitsi ndi makomiti a misika angathe kuziletsa popanda kudikira wina wochokera ku Lilongwe. Ndipo chikwangwani chikagwa ndi mphepo kapena chikagundidwa, kuli bwino kukachisungitsa kwa amfumu kapena ku polisi kusiyana nkuchisiya m'udzu kuti chipeze mwini.

Amene akufuna kuona kufunika kwake adzapatuke pa Masasa, atsike mseu wa Khwekhwerere kunka ku Golomoti. Mseu umenewu umatsika kuchokera pamwamba pa mapiri kufika m'chigwa cha nyanja mokhotakhota ngati njoka, phompho lili pambali. Mwana wa komweko amadziŵa kona iliyonse ndi mutu. Chikwangwani sachifuna, ndipo mwina nchifukwa chake sachiŵerengera. Koma mseu sudamangidwire iye yekha. Umadzeranso dalaivala wa lole ya kachewere wochokera ku Angónia amene akutsika koyamba, basi ya ana a sukulu okaona nyanja, ndi ambulansi ya usiku. Mabuleki a lole yolemera amatentha pa chitsetse chachitali, ndipo woyendetsa ayenera kuloŵetsa giya yaing'ono asadayambe kutsika, osati atafika pakati. Chomuuza zimenezi ndi mbale ya ngondya zitatu pamwamba pa chitsetse, ndi timbale tofiira ndi toyera tonga mivi toloza kumene mseu wakhotera. Zikakhalapo, nyali zake zimazigwira patali ngakhale m'chifunga. Zikachotsedwa, nyalizo zimangounika mtengo wachitsulo wa mabowo aŵiri, ndipo kuseri kwake kuli mdima.